Chamba cha Twaibu Chinabereka Popanda Mwamuna

Twaibu anabwerako ku nkhondo ya ku Bama ndi zinthu zitatu: mwendo wotsimphina, jasi la asilikali a Keyala, ndi kachitini ka fodya kodzaza njere za chamba. Mwendowo anaonetsa aliyense, ngakhale amene sanafunse. Jasilo ankalivala mpaka mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Koma kachitiniko anandionetsa ine ndekha, poti ine Binali ndimadziwa kusunga chinsinsi kufikira tsiku limene chayamba kukoma kuchinena.

Ndiyambe ndalongosola ubale, kuti musandiweruze msanga monga anachitira ena. Asiya, mkazi wa Twaibu, ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Kwathu kwa Maganga msuweni ndi mkazi wako wa pakamwa chabe. Ndikamadutsa pakhomo pake ndinkafuula kuti, "Akazanga, madzi osamba mwandiikira?" Iye nkuyankha ali pamtondo, "Ali m'nyanjamo amunanga, kaloweni ndipo musatulukenso." Tinayamba zimenezi tikadayenda opanda malaya. Twaibu asanapite kunkhondo ankaseka nafe mpaka mano onse kuonekera. Atabwerako ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, ina ikuyang'anira.

Ntchito yanga ndi yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pamsewu wopita ku boma. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, nditaona kuti aphunzitsi ayamba kubwereza zimene ndazidziwa kale. Ndinayendako ku Limbe ndi ku Beira, ndipo zaka zitatu ndinagwira pa munda wina wa thonje, kutsatira mzungu wa mawondo ofiira amene ntchito yake inali kukwatitsa maluwa. Ankatenga kaufa pa duwa ili ndi kanthenga, nkupaka pa duwa ilo, ine nkumangapo kathumba ka pepala kuti njuchi zisalowerere ukwati wa eni. Anzanga ankandiseka kuti ndine nkhoswe ya thonje. Sindinkadziwa kuti unkhoswe umenewo udzandipulumutsa khosi.

Chaka choyamba Twaibu anadzala njere za ku Bama pamodzi ndi zathu zino za ku Kota Kota, m'kadimba kobisika ndi bango kuseri kwa chinangwa cha apongozi ake. Cha ku Bama chinali chachifupi, chonenepa, cha masamba otambalala. Chathu nchachitali, chowonda ngati msodzi wa usipa. Anazisiya zikwatirane. Chaka chachiwiri ana ake anatuluka ofanana onse ngati asilikali pa pelete, amphamvu, onunkhira mpaka kunjira. Asodzi amene analawa ankati ukasuta umamva chambo chikutsokomola pansi pa nyanja. Twaibu anasankha tsinde limodzi lokongola koposa, nalitcha Dona, nakolola njere zake zokha mpaka kachitini kanadzazanso.

Chaka chachitatu, cha 1948, anafuna kupambana pamenepo. Kuki wina wa Chimwenye anali atamuuza kunkhondo kuti chamba chachikazi chikakhala mbeta, osaona mwamuna, chimakwiya, ndipo mkwiyowo ndiwo mphamvu yake. Choncho anatsimikiza zozula chachimuna chonse chikangoonekera. Pofesa anachita monga achitira akuluakulu ndi nazale ya fodya: anagona pamphasa yayekha masiku atatu, kuti agwire njere ali wozizira. Anauzanso Asiya kuti kutentha kwa eni nyumba dimba limakuzolowera, koma kutentha kwa mlendo kumadula mbewu. Mu Januwale anapita kukagwira ntchito yokonza njanji imene mvula inakokolola cha ku Ntakataka, nasiyira mkazi wake kupalira. Mu Febuluwale anabwera masiku awiri okha kudzazula amuna. Masiku awiri amakwana kuzula amuna m'dimba. Amakwananso ntchito zina, koma zimenezo Twaibu anadzaziiwala.

Anabwerera kumapeto kwa Meyi. Patapita masiku atatu anafika pamtengo wanga wopanda njinga, atavala jasi, chikwanje chili m'manja.

"Alamu, tsekani ntchito. Tiyeni mukaone kanthu."

"Kanthu kodya kapena koopsa?"

"Mukaona."

Panjira ndinayesa kumpatsa mpata kuti atsogole, iye nkuima, ine nkuima. Ndinatsogola ndine. Munthu ukamayenda pakati pa bango, kumbuyo kwako kukubwera msilikali wotsimphina ndi chikwanje, khosi limayabwa pamalo amene sunkadziwa kuti alipo.

Titalowa m'dimbamo ndinaiwala khosi. Ndaona minda yambiri, koma wotere ayi. Tsinde lina linatalika kuposa denga la nyumba, lopanda mutu ndi umodzi womwe, kumangokwera ngati likufuna kukafunsa kanthu kumwamba. Pambali pake panali lina lofika m'bondo, lotukumuka ngati nkhuku yofungatira. Lina silinali lobulungira konse, linali laphanthiphanthi ngati lamba wa msilikali, ndipo kunsonga linapiringizika ngati tsumba la tambala. Panali masamba a chala chimodzi, ena obiriwira mbali iyi, achikasu mbali iyo, ena opindikira m'kati ngati dzanja lopempha mchere. Panali mapasa otuluka pa phando limodzi atakolekerana. Panalibe awiri ofanana.

"Chaka chatha anali asilikali," anatero Twaibu. "Lero ndi chiyani ichi?"

"Msika wa Loweruka," ndinatero.

Sanaseke ngakhale ndi mbali ija imaseka. Anathyola tsamba, nawerenga zala zake ndi dzanja lamanzere, lija lokhala ndi kachipsera pamene azamba anamanga ulusi kuchotsa kachala kowonjezera iye ali wakhanda. Tsambalo linali ndi zala khumi ndi zitatu. Kenako anafinya mutu wa tsinde lina, nanditambasulira chikhato. Munali njere, zakupsa, zamawangamawanga.

"Amuna ndinazula ndekha, alamu. Ndinayenda mzere ndi mzere kawiri. Ndinawatentha. Kuchokera pano mpaka kunyanja palibe dimba lina. Tsono akazi awa mimba awapatsa ndani?"

"Mwina mphepo."

"Mphepo." Anagwedeza mutu. "Asiya nayenso ali ndi pakati. Kapena nayonso ndi mphepo?"

Apo ndi pamene ndinamva kumene tikupita. Ndinati, "Alamu, munabwera mu Febuluwale. Werengani miyezi."

"Ndawerenga. Ikhoza kugwera uku, ikhoza kugwera uko. Koma dimba silidziwa kunama. Taonani apa."

Analoza pansi ndi nsonga ya chikwanje. M'matope ouma, pakati pa mizere, panali phazi. Nsapato zanga ndimadula ndekha pa tayala lakale la lole, ndipo m'dziko lonse la Maganga palibe wina amene amasiya mapazi a galimoto ya miyendo iwiri. Phazilo linali langa mpaka msomali wa kuchidendene.

Zoona zake nzakuti mu Malichi ndinakatula njinga ya Twaibu imene ndinaikonza, Asiya anandipatsa chinangwa chophika pakhonde apongozi ake a Twaibu ali pomwepo, ndipo pobwerera ndinazungulira kudimba kukathyola timasamba tochepa ta m'thumba. Ndinamuuza zonsezi mosabisa.

"Ndinaba, alamu. Lembani kuti Binali ndi mbala ya masamba. Zinazo ayi."

"Mbala yeniyeni sivomera msanga chonchi," anatero. "Mwavomera chaching'ono kuti mubise chachikulu. Lachisanu tikatuluka ku swala kumzikiti ankhoswe abwera muno. Akaona okha. Ndikupereka talaka, ukwati uthe, ndipo mwanayo akalembedwe kwa amene amafunsa madzi osamba."

Madzulo ake ndinapita kwa Asiya, ndikuyenda pakati pa njira kuti aliyense andione. Ndinampeza akutembenuza makaka pathandala. Sanandipatse mpando.

"Akaz—"

"Mukangomaliza mawu amenewo ndikuswani ndi munsi, a Binali."

Chibadwire anali asananditchulepo dzina langa. Ndinakhala pansi.

"Dimba lija munaliona likuyamba kupenga?" ndinafunsa.

"Ndinaliona. Ndikanatani? Ndilikwapule? Ndapalira zinthu zonunkha zija miyezi inayi, mutu ukundiwawa, ndikusanza m'bango. Mwini wake wabwera, sanafunse kuti wadwala bwanji. Wathamangira kwa ana a Dona. Pobwerako akundiyang'ana pamimba ngati ndabisapo katundu wakuba." Anaponya kaka lina mwamphamvu mpaka linadumpha pathandala. "Ukwati ukatha, utha, nyumbayi ndi ya kwathu, achoke ndi iwo. Koma mwana wanga akule akumuloza pachitsime kuti uyu ndi uja anapengetsa chamba? Pakamwa panu ndi pamene pandiika apa. Pandichotsenso."

Vuto la mlanduwu linali lakuti sukanapita kubwalo kapena kwa shehe, poti mboni yaikulu inali dimba la chamba, ndipo mboni yotero mesenjala wa boma akaimva amamanga ndi woitana yemwe. Choncho unatsala m'manja mwa ankhoswe awiri. Wa Asiya anali mlongo wake Idi, msodzi wabwino mtima amene mawu amamufika ngati bwato lobwera mopalasa ndi dzanja limodzi. Wa Twaibu anali amalume ake, Che Ramadhani, amene ankaitana swala pamzikiti wathu, munthu wamtali wa mkanjo woyera ndi chifuwa chosatha. Che Ramadhani ankandida kuyambira tsiku limene ndinanena kuti azana yawo, kuitana kwa swala kuja, imadzutsa nkhuku zokha chifukwa anthu amayesa ndi ng'ombe yadwala. Ndinadziwa kuti ndikapanda kupeza kanthu, Lachisanu andidya osasenda.

Lachitatu ndinabwerera kudimba masana, Twaibu atapita ku Chipoka kukagula mchere. Ndinavula nsapato, pakuti munthu amaphunzira. Ndinachita zimene mzungu wa thonje ankachita: kugwada, kutseka diso limodzi, ndi kutsegula duwa ndi kamtengo. Pa tsinde lachinayi ndinachipeza chimene ndinkafuna. Ndinaseka ndekha m'bango, koma pobwerera kuseka kunatha. Ndinali ndayankha za njere. Za kupenga kwa masamba ndinalibe choonetsa, ndipo mawu a Binali opanda choonetsa, pa mlandu wa Binali yemweyo, ndi mphepo.

Lachinayi m'mawa Mulungu anandikumbukira, nathyola sipoko zitatu za njinga ya Che Ramadhani. Anaikankha mpaka pamtengo wanga, poti wokonza wina ali ku boma, mtunda woti chifuwa chawo sichikanalola.

"Ukonze, usalankhule," anatero, nakakhala patali ndi tasibihi yawo.

Nditatembenuza njingayo miyendo m'mwamba, m'kachikwama ka sipanala ka pansi pa chishalo munagwa kansalu komanga mfundo. Mphuno yanga inakamasula ndisanakakhudze. Ndinayang'ana kwa mwini wake, ndinaona maso ali otseka, milomo ikuyenda. Ndinamasula. Munali mutu wa chamba wouma bwino, ndipo kamtengo kake kanali kaphanthiphanthi ngati lamba, kunsonga kopiringizika ngati tsumba la tambala.

Poyamba ndinaganiza kuti akulu aja akuba m'dimba la mwana wa mlongo wawo. Koma la Twaibu linali lisanakololedwe, ndipo tsinde la lamba lija ndinaliona dzulo lake lili lathunthu. Ndinakumbukira kuti mu Disembala Twaibu anandiuza moseka kuti amalume ake anapempha njere zodzaza dzanja, akuti nkhuku zawo zagwidwa chitopa ndipo amva kuti njere zosinja m'madzi zimathandiza. Ndinabisa kansaluko m'thumba, ndinamanga sipoko, ndipo nditamva azana ya masana ikuyamba, ndinadziwa kuti mwini njinga ali kumzikiti, pamwamba pa mawu ake. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yawo. Pakati pa nthochi panali mizere iwiri yopaliridwa bwino kuposa manda a mfumu. Wamtali wopanda mutu analipo. Nkhuku yofungatira inalipo. Ndinapereka moni kwa onse ndi kubwerera.

Lachisanu tinakumana m'dimba dzuwa litapendeka pang'ono. Che Ramadhani analowa atatseka mphuno ndi mpango.

"Astaghafirullah! Mwana wa mlongo wanga, zinthu za haramu zotere pafupi ndi nyumba ya Asilamu!"

Koma ndinaona mapazi awo. Munthu wosadziwa chamba amaponda paliponse. Iwo ankadutsa m'mizere chammbali, akukweza mkanjo kuti usathyole nthambi. Idi anakhala pa chulu atatsegula pakamwa. Asiya anaima kumalire ndi khasu paphewa, ngati wangodutsa popita kwina.

Twaibu anafotokoza zonse mwadongosolo la usilikali: amuna ozulidwa, njere, masamba, mimba, phazi. Phazilo anali atalitchingira ndi timitengo kuti lisafufutike.

"Binali, uli ndi mawu?" anafunsa Che Ramadhani. "Achepe."

"Alamu, ndibwerekeni jasi."

"La chiyani?"

"Silichoka pathupi panu. Ingotambasulani mkono apa."

Ndinaweramitsa mutu wa tsinde lachinayi lija pamwamba pa mkono wa jasi, nkuugogoda ndi chala. Pansalu yakudayo panagwa kaufa kachikasu. Ndinatsegula mutuwo ndi kamtengo. Pakati pa ubweya wachikazi panali timaluwa tachikasu tolendewera, tating'ono ngati nthochi za nyerere.

"Mwamuna amene mukumfunayo ndi uyu," ndinatero. "Sanalumphe mpanda, sanavale nsapato za tayala. Wabadwira m'nyumba momwemo. Munazula amuna onse, akazi anadikira, anatopa, ndiye uyu anati basi ndidzithandiza ndekha ndi kuthandizako anzanga. Alipo anayi otere. Ndikuonetsani onse."

Idi anatsika pachulu kudzaona. "Ndiye ndi mkazi kapena mwamuna?"

"Ndi wakhama, achimwene."

Twaibu anayang'anitsitsa kaufako nthawi yaitali. Ndinayesa zatha. Koma munthu amene wanyamula chikayiko masiku asanu ndi awiri satula chifukwa cha kaufa.

"Mkazi kumera umuna!" anakuwa. "Amalume, mwamva? Akuti akundiyeretsera mlandu, koma akuuonjezera. Chinthu chotere chinayamba chaoneka kuti? Chachititsa nchiyani ngati si kutentha kwa mlendo?"

"Wanena zoona," anatero Che Ramadhani, akukhosomola mwaulemu. "Ife tinakula tikudziwa. Mbewu ikapenga chonchi, m'nyumba mwalowa kanthu. Mkazi wa pakhomopo wayenda."

Ndinayang'ana Asiya. Dzanja lake linali litalimba pa mpini.

"Che Ramadhani, mundikhululukire," ndinatero, "a Idi amamva pang'onopang'ono. Bwerezani kuti apite nazo bwino kwa amayi awo. Mukuti paliponse pamene mbewu iyi yatuluka yopenga, mkazi wa pakhomopo wayenda?"

"Ndatero."

"Paliponse?"

"Kodi uli ndi thonje m'makutu? Paliponse!"

"Wallahi, ndamva. Nanga nkhuku zanu zinachira?"

Tasibihi inaima m'manja mwawo.

"Nkhuku zalowa bwanji pa mlandu uno?"

"Ndangozikumbuka. Zija za chitopa, zimene alamu anakupatsirani njere mu Disembala, za m'kachitini komweka. Ziyenera kuti ndi nkhuku zanzeru, chifukwa mankhwalawo sizinamwe. Zinakawadzala kuseri kwa nthochi, mizere iwiri, ndipo zimapalira bwino zedi."

Ndinatulutsa kansalu kaja, nkumasula, nkuika kamtengo ka lamba pambali pa tsinde la lamba la Twaibu. Zinali ngati munthu ndi chithunzi chake.

"Ichi chinagwa m'njinga yanu dzulo. Abale ake ndawaona ndi maso. Wamtali alipo, wamfupi alipo, wa masamba a mitundu iwiri aliponso. Tsono ine mtima ukundiwawa chifukwa cha akazi anu, mayi Nafisa. Munthu wamkulu ngati uja, wa chiuno chodwala, amene sanapitirirepo pachitsime chifikire njanji ku Salima! Ndani akanaganiza? Koma mwanena nokha kuti paliponse. Ndipo kumeneko phazi langa mulipeza la dzulo lokha, lopanda nsapato."

M'bango munalira kambalame.

"Amalume?" anatero Twaibu.

"Ndi za chifuwa," anatero Che Ramadhani ndi mawu amene sakanadzutsa ngakhale nkhuku. "Nkhuku zinachira msanga. Njere zinatsala. Zinagwa zokha."

"M'mizere," ndinathandizira.

"Utsi wake umamasula pachifuwa! Munthu woitana swala kasanu pa tsiku ayenera kupuma!"

Apo Idi, amene mawu anali atangomufika, anakanda mutu nafunsa ndi mtima wonse, "Pepani akuluakulu, ine ndasokonezeka. Talakayi tsopano ikupita kwa Asiya, kapena kwa mayi Nafisa, kapena onse awiri?"

Che Ramadhani anakhala pansi pa chulu, mkanjo woyera uli pomwepo pa dothi.

Ndinawauza zimene ndinatola kwa mzungu wa thonje, zimene ndinamvako, poti theka ankalankhulira m'mphuno. Ukakwatitsa mitundu iwiri yotalikirana, ana oyamba amatuluka ofanana ndi amphamvu, mpaka umadziyesa katswiri. Koma ana amenewo ukawakwatitsa okhaokha, mlongo ndi mlongo wake, adzukulu amabalalika. Wina amathawira kwa agogo a ku Bama, wina kwa a ku Kota Kota, wina amasochera panjira osafika kulikonse. Mzunguyo ankazula mazana kuti asunge atatu, zaka ndi zaka. Twaibu anatenga njere za Dona yekha, amene mwamuna wake anali mlongo wake wa bere limodzi, nayembekeza pelete.

"Chikanakhala chotentha cha mlendo, alamu, chikanagwira dimba limodzi. Chagwira awiri chifukwa chinali kale m'kachitini. Munachinyamula nokha m'thumba la jasi."

"Nkhani ya talaka palibe," anatero Che Ramadhani mofulumira, akuyang'ana pansi. "Mbewu ndi imene ili ndi vuto. Ndinkaona kale kuti mbewuyi njokayikitsa. Ndipo zimene zanenedwa muno zitsale muno."

"Za nthochi zitsala," ndinatero. "Koma za Asiya zinatuluka kale, zili pachitsime. Zimenezo mukazibweze ndinu, ndi pakamwa pomwe mumaitanira swala."

Anavomera ndi mutu.

Twaibu anatembenukira kwa mkazi wake. Anatsegula pakamwa, koma Keyala inamuphunzitsa kuguba ndi kuwombera, kupepesa ayi. "Asiya," anatero, "mwina ndinafulumira."

Asiya anatsitsa khasu paphewa nalowa m'dimba. Sanayang'ane aliyense wa ife.

"Achimwene a Idi, dothi ili ndi la yani?"

"La amayi."

"Ndimayesa ndaiwala."

Anayamba ndi wamtali wopanda mutu. Khasu limodzi, anagwa ngati mlongoti. Anapita pa nkhuku yofungatira, kenako mapasa.

"Asiya, siyako limodzi lokha!" anachonderera Twaibu, ataimirira kutsogolo kwa tsinde lina lonenepa. "Ili lokha latuluka ngati Dona. Taliona, lilibe chilema!"

"Limeneli ndiye mboni yanu yabwino?"

"Eya."

"Patukani, ndingakudulireni mwendo wotsalawo."

Anapatuka. Atamaliza mizere yonse anapita pa phazi langa lija, nazula timitengo totchingira, nalikumba mpaka pansi. Kenako anatambasula dzanja kwa mwamuna wake. Twaibu anaona dzanjalo, anaona amalume ake, amalume ake anaona kumwamba. Anapisa m'jasi natulutsa kachitini. Tsiku lomwelo Asiya anakazinga njere zonse pa phale, pabwalo, anthu akuona, nazithira m'dzala. M'dimbamo anadzalamo mbatata. Twaibu anagona m'khitchini mpaka mwana atabadwa, ndipo ankauza anthu kuti utsi umathandiza mwendo.

Che Ramadhani anasunga lonjezo. Anauza akazi awo, akazi awo anauza pachitsime kuti Asiya anamunamizira, ndipo pachitsime sipafuna kuuzidwa kawiri. Mizere ya kuseri kwa nthochi sindinaionenso. Sindikuti inachoka, ndikuti sindinaionenso.

Mwana anabadwa mu Novembala, wamwamuna, dzina lake Abasi. Atatuluka m'chikuta, Asiya anaitanitsa Twaibu, nauza amayi ake kuti azamba adikire kaye ndi ulusi wawo. Anatulutsa kadzanja kamanzere m'nsalu.

"Paja mumadziwa kuwerenga zala," anatero. "Werengani."

Twaibu anawerenga. Zinali zisanu, ndi kachisanu ndi chimodzi kolendewera pambali pa chala chaching'ono. Anawerenganso kuyambira mbali inayo, zinatuluka zomwezo. Akuti anavula jasi nafunditsa mwanayo, m'kutentha kwa Novembala, mpaka apongozi ake anachita kumulanda.

Ine ndinapambana mlandu koma ndinaluza mkazi. Asiya anandiletsa chisuweni mpaka kalekale, ndipo tsopano ndikamadutsa ndimavula chipewa ngati kalaliki wa boma.

"Muli bwanji amake Abasi?"

"Tili bwino a Binali, kaya inu."

Twaibu amakhala pakhonde akusoka ukonde, ndipo amandiyankha bwino ndithu, ngakhale maso ake amayamba atsikira ku nsapato zanga asanakwere kunkhope. Tsiku lina iye atalowa m'nyumba kukatenga singano, ndinamva mawu a Asiya kuchokera pamtondo, otsika, munsi osaleka kugunda.

"Madzi aja akadali m'nyanja."

Ndinangoyenda pakati pa njira, pouma, posasiya phazi.